Amalume Anakatilankhulira ku Kigamboni

Kontrakiti ya mkazi wanga ikutha kumapeto kwa mwezi uno, ndipo munthu woyenera kusaina kuti iwonjezeredwe ndi yemweyo amene kafukufuku wa mkazi wangayo wamukhudza. Ikapanda kusainidwa, chilolezo chake chogwira ntchito ku Tanzania chithera pomwepo. Changa chimadalira chake, chifukwa ine ndinalowa m'dziko muno ngati mwamuna wake basi. Mwana wathu wamkazi, amene Chiswahili chimamuyenda pakamwa kuposa Chichewa, asiya sukulu chaka chili pakati.

Ndinali mtolankhani ku Blantyre tisanasamukire ku Dar es Salaam. Masiku ano ndimakhala pakhonde la nyumba yathu ya m'mwamba ku Upanga, kukonza Chingerezi cha malipoti a anthu ena. Mkazi wanga amapita wapansi kuchipatala china chophunzitsira madokotala, chimene sinditchula dzina. Ntchito yake ndi yoyeza mabakiteriya. Amapukuta bala la wodwala amene wachitidwa opaleshoni ndi kathonje ka pakamtengo, n'kukapaka m'timbale tokhala ndi chakudya cha tizilombo, n'kutisiya pofunda. Tizilombo tikamera amatithira mankhwala osiyanasiyana kuti aone amene akutipha ndi amene sakutichita kanthu. Zimene wapeza amazilemba m'mapepala otuluka m'magazini a akatswiri, ndipo munthu wa ntchito ngati yake amayezedwa ndi mapepala amenewo.

Mapepala ake oyamba sanakhumudwitse aliyense. Ankanena za tizilombo topezeka m'mabala otukusira ndi mankhwala amene tasiya kuwamva, ndipo tizilombo tilibe ofesi kapena udindo woti n'kukwiya. Ntchito yakeyo ili pansi pa dipatimenti ya maopaleshoni, ndipo mkulu wa dipatimentiyo, amene aliyense amangowatchula kuti apulofesa, dzina lawo linkakhala kumapeto kwa pepala lililonse monga zimakhalira ndi dzina la wamkulu. Ankanyadira. Alendo akabwera kudzaona chipatala ankawatengera ku labotale n'kunena kuti, "Uyu ndi mwana wanga wa ku Malawi." Mwana wathu atadwala malungo, iwo ndi amene anaimba foni kuwodi ya ana kuti amuone msanga.

Pepala latsopanoli linayambira pa botolo la sipiriti. Tsiku lina m'mawa mkazi wanga anali m'wodi kukatenga zoyeza nthawi imene madokotala amazungulira odwala. Dokotala wamkulu anatsegula bandeji ya wodwala wina, n'kudina m'mbali mwa bala ndi zala, kenako anapita pa bedi lotsatira. Namwino amene anali kumbuyo kwake anali ndi botolo la sipiriti yopaka m'manja. Analikweza pang'ono, n'kulitsitsanso, osalankhula. Mkazi wanga atamufunsa pambali, namwinoyo anati anayesapo kale kukumbutsa, ndipo anakalipiridwa pamaso pa odwala ndi ophunzira, mpaka kufunsidwa kuti udokotala anauphunzira liti.

Mkazi wanga anapempha chilolezo kukomiti yoona za kafukufuku, anamupatsa, ndipo anayamba kucheza ndi anamwino, madokotala achinyamata ndi okolopa m'mawodi, mmodzimmodzi, atawalonjeza kuti sadzatchula dzina la munthu. Pepala limene analemba lili ndi zigawo ziwiri. Choyamba ndi cha mabakiteriya monga kale. Chachiwiri chikunena kuti pamene aang'ono amakalipiridwa, amasiya kukumbutsa akuluakulu zosamba m'manja, ndipo tizilombo timapeza njira yochoka pa bedi ili kupita pa linalo. Mulibe dzina la munthu kapena la chipatala. Koma dipatimentiyo ndi imodzi, mkulu wake ndi mmodzi, ndipo mawu ake akakwiya amamveka mpaka pamasitepe.

Mkazi wanga anawatumizira apulofesa pepalalo kuti aliwerenge ndi kuvomereza lisanapite kumagazini. Yankho silinabwere. Akakumana m'khonde la chipatala ankamupatsa moni wautali wa Chiswahili, kufunsa za kunyumba, za mwana, za ine, koma za pepala ayi. Ku ofesi yoona za antchito anamuuza kuti zonse za kontrakiti zakonzedwa, changotsala ndi siginecha ya apulofesa. Sabata inadutsa, ina n'kudutsanso. Anayamba kudya pang'ono. Akabwera kuntchito ankaika foni patebulo, n'kumaitembenuza kuona ngati mwalowa uthenga, ngakhale inali isanalire.

Ine ndinapereka malangizo a kunyuzipepala. Ndinati mkulu akakhala chete umamukumbutsa kamodzi, n'kumuuza tsiku limene nkhani ituluke.

"Inu bambo ake, munkalemba nkhani n'kukwera minibasi kubwerera ku Ndirande," anatero. "Ine ndikalemba, mawa lake ndikumana nawo pakhomo la labotale. Komanso nduna zimene munkazilemba zija sizinkasaina chilolezo chanu chokhalira m'dziko."

Lamlungu lotsatira mkazi wanga anaimbira foni amayi ake ku Dedza, ndipo iwo anangofunsa funso limodzi: kodi amalume ako wawauza?

Amalumewo ndi mchimwene wa apongozi anga aakazi. Anabwera ku Dar es Salaam ali mnyamata, anayendetsa malole a fakitale ina mpaka kupuma ntchito, ndipo tsopano ndi mkulu wa mpingo ku Buguruni, kumene Amalawi akale ambiri amapemphera. Ana awo amamva Chichewa koma amayankha m'Chiswahili. Maukwati, maliro ndi mikangano ya Amalawi a dera limenelo zimadutsa pabalaza pawo. Tinawapeza atangoweruka kutchalitchi, atavula jekete koma tayi ikadali pakhosi, fani ikuzungulira pamwamba pa kabati, phokoso la msika likulowera pawindo.

"Mkamwini, karibu, khalani apa," anatero. "Mwanenepatu. Upanga ikukukondani."

Mkazi wanga anafotokoza zonse mwadongosolo, kuyambira pa tizilombo mpaka pa botolo la namwino uja. Amalume ankamvetsera maso atatsinzina. Atamaliza anatsegula diso limodzi.

"Ndiye pepalalo unawapatsa bwanji?"

"Ndinawatumizira pa imelo, amalume."

"Pa imelo!" Anaomba m'manja kamodzi n'kuyang'ana kudenga. "Munthu wamkulu, wa imvi zake, amene wang'amba mimba za anthu iwe usanabadwe, ukamuuze pa imelo kuti sasamba m'manja?"

"Sindinalembe choncho, amalume."

"Iwo awerenga choncho. Sukuona kuti akhala chete? Mzee, munthu wamkulu, akakhala chete ndiye kuti akudikira kuti abale a mwanayo abwere. Nkhani yotere salankhula mwini wake, ndipo sailankhulira mu ofesi. Uli ndi malume, ndipo malumeyo sanafe. Tipita kunyumba kwawo."

Ndinayesa kulowererapo. Ndinati mwina poti nkhaniyi ndi ya kuntchito, ili ndi njira zake za kuntchito komweko.

"Mkamwini, ife tinakupatsani mkazi, milandu yake sitinakupatseni," anatero amalume. "Inu mudzanyamula ambulera."

Ndinayang'ana mkazi wanga kuyembekezera kuti akane. Sanakane. Nkhope yake inali itamasuka koyamba m'masabata onse aja. Pobwerera, m'daladala, minibasi ya kuno, yodzaza, anandiuza kuti amalume akunena zoona pa chinthu chimodzi: apulofesa anamuchitira zabwino zambiri, ndipo anayenera kumva nkhaniyi pakamwa pake, atakhala pansi, isanafike pakompyuta. Madzulo omwewo anawalembera uthenga kupempha kuti akawaone kunyumba ndi akuluakulu a kwawo. Pepala linadikira yankho masabata, koma uthengawu unayankhidwa nthawi yomweyo: karibuni Loweruka masana.

Sabata imeneyo tinakambirana zambiri ndi amalume pafoni. Tinakambirana za zovala, ndipo analamula kuti mkazi wanga amange chitenje pamwamba pa diresi. Tinakangana za nkhuku. Iwo ankati munthu salowa pakhomo pa wamkulu manja ali lendelende. Mkazi wanga anati kupereka nkhuku kwa munthu amene akuyenera kukusainira kontrakiti kuli ndi dzina lake m'malamulo a chipatala, ndipo dzinalo si labwino. Amalume anagonja monyinyirika. Za mawu amene akanene sitinakambirane. Pepalalo sanaliwerenge, ndipo palibe anaganiza zowafunsa kuti tikupita kukapempha chiyani kwenikweni.

Ndinawafunsa tili pa pantoni, chombo chowolotsa anthu kupita ku Kigamboni, kumene apulofesa amakhala. Tinali titapanikizana pakati pa njinga zamoto, mabajaji a matayala atatu onyamula anthu, ndi amayi a madengu, fungo la nsomba za kumsika wa pagombe likutitsatira. Amalume anali mu suti yakuda, thukuta likuyenderera kuseri kwa makutu.

"Amalume, kodi mukayamba ndi mfundo iti?"

"Mukamva komweko, mkamwini." Anatembenukira kwa mkazi wanga. "Iwe, ukangopereka moni basi. Pakamwa pako lero ndi ine. Ukaona ndakhala chete, usaganize kuti ndaiwala."

Mkazi wanga anagwedeza mutu. Anali atagwira chitsulo cha m'mbali mwa chombo ndi manja onse awiri, ngakhale madzi anali bata.

Nyumba ya apulofesa ndi yatsopano, ya mpanda woyera, m'msewu wa mchenga umene bajaji imene tinakwera inavutika nawo. Tinawapeza mu kabudula ndi patapata, akuthirira mbande za malimao ndi paipi. Ndinali ndisanawaonepo opanda khoti loyera, ndipo anaoneka aafupi. Anayang'ana imvi za amalume, n'kuzindikira kuti wamkulu ndi ndani, ndipo anayamba iwo kupereka moni wa ulemu, "Shikamoo, mzee." Amalume anayankha "Marahaba" ndi mawu ochokera pansi pa chifuwa, n'kundiyang'ana ine ngati akuti mwaonatu.

Tinakhala pabalaza. Akazi awo anabweretsa juwisi wa bwemba wozizira n'kubwerera mkati. Zokambirana zinali m'Chiswahili, chimene ine ndimamva bwino kuposa mmene ndimalankhulira. Anayamba ndi kutentha, kenako mlatho wa ku Kigamboni ndi pantoni kuti chabwino n'chiti, kenako misewu ya kumwera imene amalume anayendamo ndi malole, ndipo zinapezeka kuti apulofesa kwawo ndi komweko. Anaseka limodzi za phiri lina limene malole ankafera. Mkazi wanga anakhala kumphepete kwa mpando, manja pamaondo, juwisi wake osamukhudza.

Kenako amalume anaika tambula pansi, anakonza tayi, n'kuyamba. Ndamvapo anthu ambiri akulankhula pamisonkhano, ndipo ndinganene kuti amalume amaidziwa ntchito yawo. Anathokoza apulofesa chifukwa cholandira mwana wa mlendo ngati wawo. Anati kwathu munthu amene wakuphunzitsa ntchito ndi bambo wako. Anati mwanayu anachoka kwawo ali wamng'ono, wakulira m'mabuku, ndipo mabuku saphunzitsa polankhulira ndi pokhalira chete. Anati ife a kubanja sitinamutume kuti adzanyoze akuluakulu a dziko la eni. Ngati cholembera chake chinaterereka n'kukhudza pamene sichinayenera kukhudza, ife tabwera kudzagwira mwendo. Bambo akonze pamene mwana walakwitsa, afufute chofufuta, ndipo mwanayo amva.

Mawu akuti afufute atatuluka, ndinayang'ana mkazi wanga. Anali akuyang'ana pansi.

Apulofesa anapuma mpweya wautali n'kutsamira kumbuyo. Nkhope yawo inawala ngati munthu amene wauzidwa kuti chotupa chija si khansa.

"Mzee, mwandichotsera katundu," anatero. "Ndakhala ndikusowa poyambira. Mwanayu ndi wanzeru, ndilibe wina ngati iye. Gawo la mabakiteriya lija ndi labwino kwambiri, lingatuluke m'magazini iliyonse. Lachiwirilo ndi nkhani za m'makhonde, madandaulo a anthu otopa. Tilichotsa, pepala lipite sabata ino. Ndipo zakontrakiti zija ndisaina Lolemba m'mawa, asadandaule."

Amalume anadzuka theka, dzanja litatambasuka kale kuti agwirane chanza. Kunena zoona, mbali ina ya mtima wanga inadzuka nawo limodzi. Lolemba m'mawa linali pafupi kwambiri, ndipo zonse zimene zinkatisowetsa mtendere zikanathera pamenepo.

"Samahani, apulofesa," anatero mkazi wanga, kutanthauza kuti pepani.

Mawu ake anali aang'ono moti poyamba ndinaganiza kuti akupempha njira ya kubafa. Amalume anatembenuka, dzanja likadali m'mwamba, n'kulankhula m'Chichewa.

"Iwe! Ndamaliza kale."

"Pepani amalume. Mwalankhula bwino, koma si zimene ndabwerera."

"Ukufuna kundivula pamaso pa anthu?"

"Ayi amalume. Pepani."

Anabwerera ku Chiswahili, akuyang'ana patebulo osati pankhope ya apulofesa. Anati analakwitsa kutumiza pepalalo pa imelo osayamba wabwera kudzalankhula nawo, ndipo pa chimenecho akupepesa ndi mtima wonse. Koma gawo lachiwiri sangalichotse. Anthu amene anacheza nawo anamuuza zinthu zimene sanauzepo wina aliyense, ataopa kaye, chifukwa anawalonjeza kuti zidzalembedwa. Komanso popanda gawo limenelo pepalalo likungonena kuti tizilombo tilipo, zimene aliyense akudziwa kale, osanena mmene tikuyendera.

Kunja paipi ija inali ikutayabe madzi, ndipo tinkawamva. Amalume anakhala pansi pang'onopang'ono n'kuika dzanja lija pabondo.

"Anakuuza zimenezi ndi ndani?" anafunsa apulofesa.

"Sindinganene, apulofesa."

"Ndi uja wamtali wa kuwodi ya amuna?"

"Sindinganene kuti ndi iye kapena si iye."

"Chabwino. Ine ndilimo?"

"Mulibe dzina la munthu aliyense."

"Sindinafunse za dzina."

Mkazi wanga anadzutsa mutu.

"Mulimo, apulofesa. Si inu nokha, koma mulimo."

Ndinayembekezera mawu aja omveka mpaka pamasitepe. Sanabwere. Apulofesa anatenga tambula yawo, n'kuizunguza, n'kuibwezera osamwa. Atayamba kulankhula ankalankhula ndi amalume, ngati kuti ife awiri tatuluka.

Anati iwo anaphunzira opaleshoni kwa munthu amene ankaponya zitsulo pansi wophunzira akachedwa kupereka, ndipo mpaka lero akagwira mpeni amamva mawu a munthu ameneyo, ndipo ndi chifukwa chake dzanja lawo silinjenjemera. Anati m'chipinda cha opaleshoni munthu akamataya magazi palibe nthawi yonena kuti chonde. Anati pali masiku amene amaona odwala ochuluka moti sakumbukira ngati anamwa madzi, ndipo mpopi wa pakhomo la wodi umatha sabata uli wouma, koma zimenezo palibe amazilemba.

"Zampopi zilimo, apulofesa," anatero mkazi wanga. "Ndi za kuchuluka kwa odwala zomwe. Zili pambuyo pa mawu a anamwino."

Apulofesa anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Sindinafike kumeneko," anatero. "Ndinalekera pa mawu a anamwino."

Amalume anaona kampata n'kuyesa kulowamo. Anati mwina akuluakulu angagwirizane kuti mawu ena afewetsedwe, pakuti ngakhale mankhwala owawa amawakutira ndi shuga. Apulofesa anakweza dzanja mwaulemu.

"Mzee, inu mwagwira ntchito yanu, ndipo ndakulemekezani. Koma mwamva nokha kuti mwanayu sanabwere kudzapepesa zimene inu mwapepesa." Anatembenukira kwa mkazi wanga. "Lachinayi pamsonkhano wa m'mawa wa dipatimenti udzalifotokoza pepala lonse, magawo onse awiri. Ndiitana madokotala onse ndi akuluakulu a anamwino. Ngati uli ndi mtima wondiuza m'nyumba mwanga, ukhale nawonso pamaso pa anzanga."

"Ndidzafotokoza. Koma ndikupempha kuti pasadzafunsidwe namwino aliyense ngati ndi iye ananena."

"Sindidzafunsa munthu. Ndidzakhala kutsogolo n'kumvetsera."

"Nanga dzina lanu papepala, apulofesa?"

"Za dzina langa ndi za kontrakiti yako ndidzakuyankha msonkhano ukatha. Ndiyambe ndawerenga kumene ndinalekera."

Anaimirira, ndipo tonse tinaimirira. Anaitana akazi awo kuti alendo akupita. Mayiwo anatuluka akumwetulira, n'kudandaula kuti mwana wa ku Malawi sanamwe juwisi wake. Apulofesa anatiperekeza mpaka pageti, anagwirana chanza ndi amalume ndi manja awiri, ine ndi dzanja limodzi, ndipo kwa mkazi wanga anangogwedeza mutu.

Amalume anayamba kulankhula tili pamzere wodikira pantoni, akuyang'ana kutsidya kumene nyumba zazitali za mumzinda zinkaoneka mu nthunzi ya kutentha.

"Ndayanjanitsa maukwati amene anafika kale kukhoti," anatero. "Ndabweza mnyamata pantchito ataba matayala a kampani. Sindinadulidwepo mawu ndi mwana wa mlongo wanga. Munthu anali atanena kale kuti Lolemba. Lolemba! Unangotsala kunena kuti zikomo."

"Ndikudziwa, amalume."

"Ukudziwa chiyani? Ukabwerera ku Dedza ukayeza tizilombo ta mbatata?"

Mkazi wanga anamasula chitenje chija, n'kuchipinda bwinobwino, n'kuchiika m'chikwama. Zipi inamukanika, ndipo ndinamutsekera ine.

"Inunso mkamwini, munangokhala ngati thumba la simenti."

"Munati ndinyamule ambulera, amalume."

"Ndiye ambulerayo ili kuti?"

Ndinali nditaiiwala pabalaza pa apulofesa. Palibe anaseka, ndipo palibe ananena zobwerera kukaitenga.

Chombo chili pakati pa madzi, amalume anayambanso, koma mawu atatsika. Anati mzee uja anatiperekeza mpaka pageti, ndipo munthu amene wakwiya kotheratu amatsanzikira pakhomo la nyumba. Kenako anadzitsutsa okha, kuti sanatuluke nafe mumsewu kudikira bajaji, ndipo chimenecho si chizindikiro chabwino. Anakumbukira kuti anawagwira chanza ndi manja awiri. Anakumbukiranso kuti sanati mubwerenso. Anapitiriza chonchi mpaka kutsidya, kuika ichi mbali iyi ndi icho mbali inayo, ndipo ine ndinapezeka kuti ndikuwathandiza, ngakhale ndimadziwa kuti zimene tinali nazo m'manja zinali ziwiri zokha: sanasaine, komanso sanakane.

Tisanasiyane pokwerera madaladala, amalume anamugwira mkazi wanga pamkono.

"Lachinayilo ukayambe ndi kuthokoza. Wamva? Uthokoze kaye, kenako uziwabaya. Ndipo amayi ako ndiwauza ndekha, iwe usawaimbire."

Kuyambira tsiku limenelo mkazi wanga wakhala akukonzekera. Amaima pabalaza akaweruka kuntchito n'kumafotokozera ine ndi mipando, ndipo ine ndimamufunsa mafunso oipa amene ndikuganiza kuti madokotala angafunse. Wasuntha nkhani ya mpopi ndi kuchuluka kwa odwala kuti ibwere patsogolo pa mawu a anamwino. Mawu a anamwinowo sanachotsepo ngakhale amodzi, koma wawaunikanso onse kuti pasapezeke kalankhulidwe kamene kangaulule mwini wake. Dzulo namwino wina amene ankamupatsa moni tsiku lililonse anamudutsa m'khonde osamuyang'ana. Wina anamusiyira mandazi awiri pakhomo la labotale osanena kanthu. Mkazi wanga sanakumane ndi apulofesa, ndipo mlembi wawo akuti akhala akutsekera chitseko cha ofesi.

Kusukulu ya mwana atifunsa ngati abwererenso teremu ikubwerayi, ndipo ndawapempha kuti atidikire mpaka Lachisanu. Msonkhano ndi wa mawa m'mawa, madokotala asanayambe kuzungulira m'mawodi. Anthu akunja saloledwa kulowa, choncho ine ndikamuperekeza mpaka pageti la chipatala n'kukadikira pamalo ogulitsira tiyi tsidya la msewu. Apulofesa akuyembekezeka kupereka yankho lawo msonkhanowo ukangotha.